Mbiri Ziwiri za Banja la a Gwanda

Maganizo a chikondwerero anabwera ndi Greyson. Pa ana onse a Esau Gwanda, iyeyo ndiye anali ndi galimoto, ndipo ndiye anali ndi mawu aakulu, ngakhale sanali woyamba kubadwa. Lamlungu lina masana, mu Julayi 2006, anaimika kagalimoto kake pampanda wa makolo ake ku Kawale, nkulowa akulankhula asanakhale nkomwe pansi.

"Zaka fote m'banja si masewera, adadi. Mwezi wamawa tichite kanthu kutchalitchi. Ndalankhula kale ndi abusa."

A Gwanda anali pakhonde akusalaza mwendo wa mpando ndi sandipepa. Shedi yawo ya ukalipentala ku Mchesi anali atawasiyira anyamata amene anawaphunzitsa ntchito, koma manja awo sankadziwa kukhala chete. Akazi awo a Jemima, amene iwo ankawatchula ndi mfunda wawo kuti aNangozo, anali pamphasa akusankha nyemba m'lichero. Pambali pawo panali Olipa, mwana wawo woyamba, mphunzitsi wa Sitandade 8 pa sukulu ina ya ku Biwi, amene ankabwera kudzawaona Lamlungu lililonse akatuluka m'mapemphero.

"Abusa akuti pakhale mbiri ya banja, iwerengedwe pamaso pa mpingo," Greyson anapitiriza. "Asisi, imeneyo ndi yanu. Inu ndi aticha."

Olipa sanakane. Anatulutsa kope m'chikwama, nkuliyika pabondo.

"Tiyambe pompano. Ababa, amama, munakumana kuti?"

"Pamsika wa Lizulu," anatero a Gwanda.

"Pamtsinje," anatero a Jemima nthawi yomweyo.

Anayang'anizana.

"Mtsinje uti, aNangozo?"

"Umene munagweramo uja."

"Ine sindinagwerepo mumtsinje."

"Nanga chipewa chija chinapita chokha kukasamba?"

Greyson anaseka mpaka kugwira chitseko. A Gwanda anayika sandipepa pansi, nkuyamba kufotokoza za msika kuyambira pachiyambi. A Jemima anawadula pakati. A Gwanda anayambiranso. Dzuwa linafika popendeka m'kope mwa Olipa muli mutu wa nkhani wokha.

"Basi," anatero Olipa potsiriza. Anathothola mapepala pakati pa kope, nkugawira aliyense ake. "Aliyense alembe yekha mmene akudziwira. Osaonerana. Lamlungu ndidzatenga."

"Ine dzanja langa ndi la Sitandade 3," anadandaula a Jemima.

"Lomwelo, amama. Ndimawerenga zoposa pamenepo tsiku lililonse."

Lamlungu lotsatira anapeza zonse zili tayale. Bambo ake anamupatsa mapepala angapo omangidwa ndi ulusi pakona, olembedwa ndi pensulo m'zilembo zoongoka, ndime iliyonse ili ndi nambala yake. Kwa zaka zambiri iwo anali mlembi wa komiti ya zomangamanga kutchalitchi, ndipo zinkaoneka. Mayi ake anasolola awo pansi pa nsalu ya pathebulo: pepala limodzi lodzaza kuseri ndi kuseri, lina lofika pakati, olembedwa ndi bolopeni yofiira, opanda mpumiro ngakhale umodzi, pakona pali dontho la mafuta ophikira.

Greyson, amene anabwera ndi nkhani ya mahema ndi mipando, anangoyang'ana mapepalawo kamodzi.

"Apa palibe ntchito, asisi. Tengani ya adadi, ili ndi madeti. Ya amami mungotengamo kamodzikamodzi kuti asadandaule. Lachisanu tikataipitse."

Olipa anangoti, "Ndiona."

Kunyumba kwake ku Area 23, tsiku lotsatira ataweruka kusukulu, anayala mapepala onse pathebulo. Anayamba ndi a bambo ake. Atawerenga ndime imodzi anathamangira kwa a mayi ake kuti aone ngati akuvomereza, nkubwereranso, nkuthamangiranso. Posakhalitsa anapezeka kuti wagwira bolopeni, akufuna kuwachonga mayi ake ngati mwana wolakwa mayeso. Anadziseka yekha. Teremu yomweyo, pa phunziro la kumvetsa nkhani, ankapatsa ana a m'kalasi mwake nkhani ziwiri zokamba chinthu chimodzi, ndipo nthawi zonse pankapezeka wina wokweza dzanja asanamalize nkomwe kuwerenga: "Madamu, yoona ndi iti?" Iye ankawayankha kuti funso limenelo lizidikira panja. Uyambe wamva nkhani imodzi mpaka kumapeto, ngati mmene umamvera mlendo asanamwe madzi, kenako inzakeyo. Lero mwini lamulo ndiye anali woyamba kuliphwanya.

Anatembenuza mapepala a mayi ake chafufumimba, nkuwerenga a bambo ake okha.

"Ine Esau Gwanda, wochokera m'boma la Ntcheu, ndikupereka mbiri iyi kwa abusa, akulu a mpingo ndi Akhristu onse. Ndime 1..." Ndime yachiwiri inkati: "M'mwezi wa Ogasiti 1964 ndinapita pamsika wa Lizulu kukagula mbatata ya kachewere. Ndinaona mtsikana wovala duku lobiriwira. Atandipatsa mulu wanga anawonjezera basela wa mbatata zikuluzikulu. Ndinadziwa pomwepo kuti Mulungu wandiyankha." Ndime yachitatu inali ya mzere umodzi: "Nditafufuza kwawo ndinapitako, ndipo ndinabwerako bwino." Kenako ankhoswe, ukwati mu 1966, ulendo wobwera ku Lilongwe mu 1971 pamene ntchito yomanga likulu inkafuna akalipentala. Ulendo umenewo wokha unatenga theka la tsamba: basi imene anakwera, tayala limene linaphulika atangodutsa Dedza, nkhuku imene inathawa m'dengu. Ndime yaitali kuposa zonse inali ya chaka chimene macheka anawadula dzanja, nkukhala miyezi osagwira ntchito. "Nthawi imeneyo aNangozo ankadzuka m'mamawa kuphika thobwa, nkusenza chidebe kupita nacho kumene anthu ankamanga nyumba. Ana sanagone ndi njala ndipo sanasiye sukulu. Izi mpingo uzidziwe." Pomaliza panali ana: "Mulungu anatipatsa ana asanu: Olipa, Pemphani, Greyson, Jenifer ndi Annette."

Olipa anadzifunsa zimene ankafunsa ana ake: walemba ndani, akulembera yani? Apa panali mwamuna wovala jekete, ataimirira kutsogolo kwa mpingo, akupereka lipoti. Munthu wotero sanena chilichonse chimene chingamuvule jekete.

Anaphika tiyi, nkumwa, kuti mawu a bambo ake ayambe atsika m'mutu. Kenako anatembenuza mapepala a mayi ake.

"iwe Olipa udziwe kuti bambo akowa ndinawadziwira mmadzi inali nthawi ya dzinja mtsinje wa kwathu utadzaza ife tikuchapa ndi anzanga kunabwera mnyamata wa buluku loyera atanyamula njinga paphewa ngati wanzeru anaterereka pamwala wa ndere nkugwa chagada chipewa chinapita ndi madzi ine ndinachivuula ndi nsungwi anzanga akuseka ndinamufunsa mukupita kuti anati kwa amalume anga ku mishoni mano akugundana"

Amenewa sankalankhula ndi mpingo. Ankalankhula ndi iye, Olipa, ngati ali awiri kukhitchini. Za madeti munalibe. Munali mvula, munali fungo la nyumba yoyamba ya lendi ku Kawale imene inkadontha pakona, munali mayina a anthu oyandikana nawo amene anamwalira kalekale. Za thobwa munalibe ngakhale liwu limodzi. Chakumapeto kwa tsamba loyamba zilembo zinayamba kuchepa.

"ana ndinabereka asanu ndi mmodzi wachiwiri anali Jonah iwe unali wamng'ono chikuku chinamutenga titangofika mtauni tilibe mbale aliyense bambo ako anakhoma bokosi okha osalola munthu wina kugwira nyundo anakhala mwezi wathunthu osayimba mluzu ndi pamene ndinadziwa kuti munthu uyu sindidzamusiya"

Olipa anayika pepalalo pansi. Jonah ankamukumbukira pang'ono chabe: kamwana kolemera kamene ankalimbana nako kuti akabereke kumbuyo, ndi tsiku lina limene anamutumiza kukagona kwa anthu oyandikana nawo osamuuza chifukwa. Dzinalo m'nyumba mwawo silinkatchulidwa. Anakhala kanthawi akuyang'ana pawindo, ana a eni nyumba akusewera fulaye pabwalo.

Atabwerera pathebulo ndi pamene anayika mapepalawo pambali ndi pambali. Anayamba ndi zimene ankagwirizana, ndipo zinali zambiri kuposa mmene mkangano wa pakhonde unkaonetsera: mudzi, ankhoswe, tchalitchi, nyumba yodontha. Kenako anabwera pa nkhani ya kukumana, nkudula mzere pansi pa mawu amene aliyense anasankha. Bambo ake analemba kuti "ndinaona". Sanalembe kuti analankhulana, kapena kuti mtsikanayo anawayang'ana. Mayi ake analemba kuti "ndinawadziwira". Kwa bambo ake unali Ogasiti, fumbi lili tolo. Kwa mayi ake linali dzinja, mtsinje utadzaza. Palibe munthu amakokoloka chipewa mu Ogasiti. Anthu awiriwa sankakangana za tsiku limodzi ayi. Aliyense ankanena tsiku lake.

Ndiye panali kandime kachitatu kaja. Bambo ake, munthu wolemba ngakhale za nkhuku yothawa m'basi, ulendo wokaona kwawo kwa mkazi nkuutsiriza ndi mawu akuti "ndinabwerako bwino"? Olipa anayika chala pamzerewo, chala china pa buluku loyera, nkuseka mokweza yekhayekha m'nyumba.

Lachitatu ataweruka anakwera minibasi kupita ku Kawale. Anawapeza onse pakhonde. Chifukwa cha chisangalalo cha zimene anapeza, sanaganize bwino za kafunsidwe kake.

"Amama, mukukumbuka mnyamata wina amene munamupatsa basela wa mbatata pa Lizulu?"

"Basela?" a Jemima anakweza mapewa. "Basela ndinkapatsa aliyense. Amayi anga ankati wogula ukamuwonjezera amabweranso."

"Aliyense?" anafunsa a Gwanda.

"Aliyense. Ngakhale madalaivala a malole."

"Koma zija zinali zikuluzikulu, aNangozo."

"Zikuluzikulu ndi zimene zinkayamba kuwola. Tinkazichotsa msanga."

A Gwanda anadzuka pamene anakhala. Anapukuta manja pathalauzi, nkulowa m'nyumba. Anatulukamo atavala chipewa, nkunena kuti anyamata a ku shedi akuwafuna. Anatuluka pageti osatembenuka.

"Nanga ndalakwa chiyani?" anafunsa a Jemima.

"Palibe, amama. Ndalakwa ndine." Olipa anakhala pamphasa. "Koma ndikufunseni china. Bwanji simunalembe za thobwa?"

"Thobwa ndi nkhani? Azimayi onse a mu Kawale muno ankagulitsa kanthu. Ukanafuna ndilembenso kuti ndinkasesa pabwalo?"

Mawa lake Olipa sanapite kunyumba ataweruka. Anatsika ku Mchesi, nkudutsa pakati pa masofa oyanikidwa panja ndi anyamata owotcherera mageti, mpaka pa shedi ya malata imene anakuliramo akutola tizidutswa ta matabwa. Bambo ake anali kuseri, atakhala pabenchi, akuyang'anira mnyamata amene ankapala chitseko. Atamuona Olipa anamuuza mnyamatayo kuti akapume.

"Wabwera kudzandichonga?" anafunsa.

"Ndabwera kudzapepesa, ababa."

"Upepese chiyani? Amayi ako anena zoona. Ine ndi amene ndinali chitsiru. Zaka zonsezi ndimauza anthu kuti anandisankha pakati pa msika wonse. Kani zinali mbatata zowola."

Olipa anasesa utuchi pabenchi, nkukhala pambali pawo. Anatulutsa mapepala aja.

"Ndawerenga zonse ziwiri, ababa. Palibe amene wanama. Inu mwalemba tsiku limene munawaona. Iwo alemba tsiku limene anakuonani. Koma pali pamodzi pamene pandivuta." Anawaonetsa ndime yachitatu. "Apa mwati munapita kwawo. Unali mwezi wanji?"

A Gwanda anayang'ana kumbali. "Kufufuza kunatenga nthawi. Mtsikana wa duku lobiriwira, wopanda dzina, ukamufunsa ndani? Ndinadzamva za mudzi wawo mvula itayamba kale."

"Munavala chiyani?"

"Iwe mwana iwe."

"Buluku loyera?"

Mapewa a bambo ake anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Linali la aphunzitsi a kwathu. Ndinabwereka. Njinganso inali yobwereka. Ndinkati ndikafike ngati munthu. Ndiye taganiza, ndikudzuka m'madzi, matope mpaka m'makutu, amene akundipatsa chipewa ndi yemwe uja ndadzera. Ukanakhala iwe ukananena kuti ndabwera kudzakufunsirani?"

"Ndiye amalume a ku mishoni aja?"

"Kunalibe amalume. Ndinakankha njinga mpaka kuseri kwa chulu, nkudikira kuti atsikanawo achoke, nkubwerera kwathu. Ndinadzapitanso patapita milungu, madzi ataphwera."

"Amama akudziwa zimenezi?"

"Angadziwe bwanji? Ndinakana tsiku loyamba kuti sindine ndinagwa, ndiye ndinangopitiriza kukana. Iwonso anangopitiriza kundiseka. Tinazolowera."

Kunja wina ankakhoma misomali, wailesi ya pa shedi yoyandikana ikulengeza uthenga wa maliro. Olipa anadikira kuti kuseka kuthe bwinobwino.

"Pali penanso pamene mwasiyana, ababa. Inu mwati ana asanu. Amama ati asanu ndi mmodzi."

Nkhope ya a Gwanda inasintha. Anatola kachidutswa ka thabwa pansi, nkumakatembenuza m'manja.

"Alemba dzina?"

"Alemba."

"Tawerenga."

Olipa anawerenga pang'onopang'ono, akuyika yekha mipumiro pamene mayi ake sanayike. Atafika pa mawu akuti "munthu uyu sindidzamusiya" anapinda pepalalo.

A Gwanda anayika kachidutswa ka thabwa kaja pabenchi.

"Matabwa ake ndinali nditasungira kabedi kake," anatero. "Mkungudza wabwino. Ndinkati akayamba kugona yekha." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja lija la chipsera. "Ine ndimayesa ndikalitchula dzinalo pagulu, mtima wa amayi ako ubwerera konkuja. N'chifukwa chake ndinalidumpha. Kani iwo alemba okha."

"Ndiwerenge kutchalitchi?"

"Ukawafunse eni ake. Akalola, uwerenge. Ndipo pa mndandanda wangawo umuyike pamalo pake, pambuyo pa iwe."

A Jemima atafunsidwa anangoti, "Ndinalemba kuti chiyani, kuti ubise?"

Amene anavuta anali Greyson. Lachisanu anamutenga Olipa pasukulu kuti akataipitse mbiriyo, ndipo ali m'galimoto Olipa anamuuza kuti sanaphatikize.

"Simunaphatikize? Asisi, sabata yonse?"

"Ndinayesa. Ndikaziphatikiza zikutuluka ngati chikalata cha ku boma. Ababa akusowamo, amamanso akusowamo. Tiwerenga zonse ziwiri, mosinthana. Iwe uwerenga ya ababa, ine ya amama."

"Pulogalamu ndi yothina kale. Kuli kwaya, kuli mphatso, kuli keke. Ndiye mwati mulinso za mwana womwalira? Lija ndi phwando, asisi, si maliro."

"Taima apo."

Greyson anaimika galimoto pambali pa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa nzimbe. Olipa anamupatsa pepala la bolopeni yofiira lija. Anawerenga akuyendetsa milomo, chifukwa kalembedwe ka mayi ake kankafuna kuleza mtima. Anafika kumapeto, nkubwereranso pakati.

"Ine ndinkangomva kuti kunali mwana wina," anatero motsitsa mawu. "Sindinkadziwa kuti anali ndi dzina." Anakhala akuyang'ana chiwongolero. "Ndiye kuti ine si wachitatu. Ndine wachinayi."

"Ndiwe wachinayi."

Analiza galimoto. Atayenda pang'ono anati, "Kwaya idzayimba nyimbo ziwiri m'malo mwa zinayi. Koma musataipitse ya amami. Muwerenge papepala lomweli."

Tsiku la chikondwerero tchalitchi chinadzaza. Abale anabwera kuchokera ku Ntcheu pa lole, amayi a chigwirizano anavala yunifolomu, anyamata a ku shedi anabwera atavala mataye obwereka. A Gwanda ndi a Jemima anawakhazika kutsogolo pa mipando iwiri imene a Gwanda anapanga okha. Abusa ataitana mbiri ya banja, Olipa ndi Greyson anaimirira limodzi.

"Tinapempha mbiri imodzi, tinalandira ziwiri," anatero Olipa. "Mumve zonse. Amene akufuna kudziwa yoona, adikire mpaka timalize."

Greyson anawerenga za msika wa Lizulu ndi mawu a bambo ake enieni, mpaka "ndinabwerako bwino". Olipa analandira pomwepo: "iwe Olipa udziwe kuti bambo akowa ndinawadziwira m'madzi." Pofika pa chipewa, tchalitchi chonse chinali chitagwa ndi phwete. Abusa anavula magalasi kuti apukute misozi.

A Gwanda anaimirira. Anthu analeka kuseka, akuyesa kuti akwiya. Anakonza jekete.

"Abusa, akulu a mpingo, pamenepo pakufunika kukonza. Choyamba, amene anayamba kugwa ndi njinga, ine ndinangoitsatira." Anadikira kuti phokoso litsike. "Chachiwiri, ku mishoni kunalibe amalume anga. Ndinkapita kwa mayi awa."

A Jemima anatembenuka pampando, nkuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kunalibe amalume?" anafunsa mokweza, kuyiwala kuti ali m'tchalitchi.

"Kunalibe, aNangozo."

"Ndiye ine zaka zonsezi ndimadandaula kuti amalume anuwo sanabwere ku ukwati wathu!"

Nthungululu zinalira kumbuyo. Panatenga nthawi kuti mkulu wa mpingo akhazikitse anthu bata.

Kenako Greyson anawerenga za thobwa, ndipo a Jemima anaweramitsa mutu, akupukusa ngati munthu amene akumunamizira zabwino. Olipa analandira, nkuyamba ndime ya Jonah. Anawerenga osathamanga. Amayi ena achikulire a mu Kawale, amene ankakumbukira chaka cha chikuku chija, anayamba kung'ung'uza nyimbo chapansipansi. A Gwanda anatulutsa mpango m'thumba la jekete, nkuwapatsa akazi awo osawayang'ana. A Jemima anapukuta nkhope, nkuwabwezera, iwonso nkupukuta yawo. Greyson anamaliza ndi mayina a ana, asanu ndi mmodzi, ndipo pa dzina lachiwiri anaima pang'ono asanapitirize.

Zotsala zinayenda monga zimayendera: kwaya, mphatso, keke imene inachedwa kufika, abale a ku Ntcheu akukangana za malo pa lole.

Lamlungu lotsatira Olipa anapita ku Kawale monga mwa chizolowezi. Atangolowa pageti mayi ake anatambasula dzanja.

"Mapepala a bambo ako uli nawo? Kutchalitchi kuja ndinamva mwapatalipatali, anthu ankasokosa. Ndikufuna ndiwerenge ndekha."

Olipa anawapatsa. A Gwanda nawonso anati ngati zili choncho, apatsidwe a akazi awo. Vuto linali lakuti magalasi owerengera m'nyumbamo anali amodzi. Anagwirizana kuti azisinthana ndime ndi ndime.

Anayamba a Jemima. Anakhala pamphasa atatambasula miyendo, magalasi ali pamphuno, chala chikuyenda pansi pa liwu lililonse. Pena ankaima nkufunsa kuti apa mwalemba chiyani, a Gwanda nkuwerama kuwauza. Olipa analowa m'nyumba kukateleka madzi a tiyi. Ali mkati anamva mawu a mayi ake akukwera.

"Ndime seveni. 'Mu 1978 ndinamanga nyumba yathu ino.' Ndinamanga? Bambo ake a Olipa, njerwa za nyumba ino anaumba ndani?"

"Ine ndanena za kumanga, sindinanene za kuumba."

"Madzi ankatunga ndani kumtsinje? Uvuni anayatsa ndani inu muli ku ntchito?"

"Bweretsani magalasiwo, nthawi yanu yatha. Ndione ngati inu mwalemba za denga."

"Sindinamalize."

Olipa anasuzumira pakhomo. Mayi ake anali atagwira magalasi ndi dzanja limodzi kuti asalandidwe, chala cha dzanja linalo chili pa ndime seveni. Bambo ake anali atatembenukira kwa iye.

"Olipa, m'chikwama mwakomo mulinso mapepala? Ndipatse awiri. Pali zina zimene ndinasiya."

"Inenso undipatse," anatero a Jemima osadzutsa mutu. "Koma bolopeni yofiira ija yatha."